Kodi tilembe kuti “adamupha” kapena “adawapha”? Mayankho a mafunso okhudza mmene timatchulira ngwazi zathu

Pakati pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, ndi 3 Malichi, tsiku la ofera dziko, ndimalandira mafunso ambiri kuchokera kwa aphunzitsi, abusa ndi olemba nkhani amene apatsidwa ntchito yoyankhula kapena kulemba za anthu otchuka a m'mbiri ya dziko lino. Ndasankhapo asanu, ndipo ngakhale eni ake sadziwana, onse akulimbana ndi vuto limodzi, lakuti Chichewa chili ndi njira zambiri zokwezera munthu, mwakuti wolemba akapanda kusamala amamukweza mpaka kumuchotsa pagulu la anthu.

Funso loyamba lachokera kwa mphunzitsi wa Sitandade 7 wa m'boma la Chiradzulu, amene walemba kuti: “Mwana wina adalemba m'chimangirizo chake kuti, ‘Apolisi adamupeza Chilembwe ndipo adamupha.’ Ine ndidachonga kuti walakwa, n'kumulembera kuti, ‘adawapeza a Chilembwe ndipo adawapha,’ popeza munthu wamkulu chotere sitingamutchule ngati mnzathu wosewera naye. Mnzanga wa kuntchito akuti mwanayo ndidamulakwira. Akulondola ndani?”

Aphunzitsi, chiganizo chanu n'cholondola, koma cha mwanayo n'cholondolanso, choncho malikisi amene mudamudula mumubwezere. Chichewa chimapereka ulemu pochulukitsa munthu mmodzi, ndipo m'nthawi yakale kuchulukitsako sikuoneka pa mgwirizanitsi wa mwininkhani, chifukwa “adabadwa” amakhala chimodzimodzi kaya tikunena za mwana mmodzi, za ana khumi kapena za agogo. Kusiyana kumatulukira pa mlowam'malo, pamene timasankha “iye” kapena “iwo”. Pa mgwirizanitsi wa pamtherankhani, pamene timasankha -mu- kapena -wa-. Ndiponso pa umwini, pamene timati “mkazi wake” kapena “mkazi wawo”. Pamenepo mpamene mwasiyana ndi wophunzira wanuyo.

Tsono ulemu wochulukitsawu uli ndi mtengo wake. Mukalemba kuti “apolisi adawapha pa 3 Febuluwale 1915”, wowerenga sangadziwe ngati mukunena za Chilembwe yekha kapena za iye ndi omutsatira, ndipo m'nkhani imene anthu ambiri adaphedwa m'masabata omwewo, kusokoneza kumeneku si kwakung'ono. Komanso taonani mmene makolo athu amatchulira anthu amene adalowa kale m'mbiri. Timati Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835 ndi anthu ake, osati anthu awo. Anthu a ku Khulubvi ku Nsanje amalemekeza Mbona koposa, komabe nkhani yake amaikamba ndi -mu-. M'tchalitchi timawerenga za Mose ndi ndodo yake, za Davide ndi mwana wake, ndipo ngakhale Yesu amene timati adamupachika, popanda mkhristu aliyense kumva kuti pachitika chipongwe. Ulemu wochulukitsa ndi wa anthu amene tili nawo pamaso, amene timawagwadira ndi kuwapatsa moni. Munthu wa m'mbiri amatha kutchulidwa payekha osachepetsedwa.

Ineyo, polemba mbiri, ndimakonda njira ya mwanayo, ndipo chifukwa changa chimapitirira pa malamulo a chiyankhulo. Yesani kuwawerengera ana anu ziganizo izi: Mu 1892 Chilembwe adalowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth. Mu 1897 adapita naye ku America, kumene adakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 adabwerera kudzakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. M'zaka zake zomaliza ankavutika ndi mphumu, maso ake ankafooka, ngongole zidamupanikiza ndipo adaferedwa mwana wake wamkazi. Mawu akuti “ake” ndi “wake” amamuika munthuyu pafupi, mwakuti mwana amene bambo ake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, kapena amene amayi ake amabanika ndi mphumu nyengo yozizira, angathe kumuzindikira. Ana ambiri amamudziwa Chilembwe ngati nkhope ya pa K500 ndi pa K2000 basi, nkhope imene imadutsa m'manja mwa kondakitala wa minibasi itapindidwa m'litali n'kukolekedwa pakati pa zala. Nkhope yoteroyo siitsokomola, siikongola ndalama, ndipo siilakwa. Koma munthu weniweniyo adakonza kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kumene sikudayende monga ankafunira, popeza amene adawatuma kukalanda mfuti ku Mandala adabwerako ndi zochepa. Ndipo m'mawa mwake, Lamulungu, adalalikira mutu wa William Jervis Livingstone, bwana wankhanza wa esiteti ya ku Magomero, uli poonekera. Mwana wa Sitandade 7 angathe kumva zonsezi n'kumulemekezabe chifukwa chokana thangata ndiponso chifukwa chotsutsa kuti anthu akuda azikafa pa nkhondo ya Azungu imene sinali yawo.

Langizo langa n'lakuti muwaphunzitse ana njira zonse ziwiri, koma asasakanize m'chimangirizo chimodzi. Woyamba ndi “iye” amalize ndi “iye”. Koma mukaitanidwa kukayankhula ku Mbombwe pa 15 Januwale, pamaso pa akhristu a mpingo umene adauyambitsa, nenani kuti “a Chilembwe” ndi “iwo”, chifukwa kumeneko mukuyankhula ngati mlendo pakhomo pa eni munthu.

Funso lachiwiri lachokera kwa wolemba nkhani wachinyamata wa ku Lilongwe: “Ndidalemba kuti Rose Chibambo adali ngwazi, koma mkonzi wanga adafufuta, akuti Ngwazi ndi Kamuzu yekha. Kodi n'zoona? Komanso tinene kuti ‘ngwazi idati’ kapena ‘ngwazi adati’?”

Mkonzi wanu akukumbukira bwino nthawi imene adakulira, koma mawuwa ndi akale kuposa nthawi imeneyo. “Ngwazi” ndi dzina wamba la m'gulu la I-Zi, lotanthauza munthu wolimba mtima kapena katswiri woposa anzake, ndipo lili pachibale ndi mneni wakuti “kugwaza”, kutanthauza kubaya ndi mkondo. Popeza lili m'gulu limeneli, agwirizanitsi ake ndi i- ndi zi-: ngwazi yathu idagwa, ngwazi zathu zidagwa. Ndiye chiganizo chanu chinali bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake olemba zamasewera amati “ngwazi ya nkhonya” popanda wowafunsa.

Chimene chidachitika n'chakuti mawuwa atasanduka dzina laulemu la Dr Hastings Kamuzu Banda, adayamba kulembedwa ndi chilembo chachikulu, ndipo m'kamwa mwa anthu ambiri adachoka m'gulu lake n'kutenga agwirizanitsi a ulemu: “Ngwazi afika”, “Ngwazi akuti”. Kwa zaka makumi atatu panalibe wolimba mtima kunena kuti “ngwazi zathu”, chifukwa kuchulukitsa mawuwa kukadamveka ngati kunena kuti aliponso ena. Pambali pake padabwera mayina ena monga Mkango, Mpulumutsi ndi Nkhoswe, ndipo lodabwitsa kwambiri kwa ine ngati wophunzira chiyankhulo ndi lakuti “Wamuyaya”. Lamulo la mu 1971 lidangonena kuti Banda akhale mtsogoleri wa dziko kwa moyo wake wonse, ndipo mawu akuti “moyo wake wonse” amavomereza kuti moyowo uli ndi polekezera. Koma “muyaya” ndi mawu amene timawamva m'tchalitchi ponena za zinthu zopanda mathero. Womasulira adasankha mawu amodzi, ndipo munthu amene adadzamwalira m'chipatala ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 adakhala akutchedwa wosatha pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Chikhalirecho dzina lake lenileni limanena zosiyana ndi zimenezo. “Kamuzu” ndi “muzu” wokhala ndi mphatikiram'mbuyo ka- wa gulu la Ka-Ti, amene ntchito yake ndi kuchepetsa, monga mu “kamwana” kapena “kamtengo”. Ndi dzina la mwana wa m'mudzi wa ku Kasungu amene adachoka kwawo ali mnyamata, nakagwira ntchito yapansi pachipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu m'dziko la Zimbabwe, kenako kumigodi ya ku Johannesburg, asadapeze mwayi wokaphunzira udotolo ku America ndi ku Scotland. Atatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958 adali atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, ndipo pamisonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Amene adamuitana, achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adachita kukonza dala kuti amulengeze kwa anthu ngati mpulumutsi, poganiza kuti gulu lomenyera ufulu limafuna munthu mmodzi womupembedza. Pofika Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu wodzilamulira, anthu omwewo adasemphana naye, ndipo adapeza kuti munthu amene mwamuuza mtundu wonse kuti ndi mpulumutsi simungathenso kumudzudzula ngati mnzanu. Chipembere adamwalirira ku America mu 1975. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu ena amaganiza kuti mayina otamanda ndi zokometsera chabe, ngati nthungululu paukwati, pamene mayinawa amauza nzika chimene zingathe kufunsa ndi chimene sizingathe.

Ndiye bwezeretsani mawu anuwo, ndi chilembo chaching'ono. Mayi Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200, adatsogolera amayi m'chipani cha Congress, adatsekeredwa ku Zomba mu 1959 ali ndi khanda la masiku ochepa m'manja, ndipo pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu 1964 adakakhala ku Zambia zaka zambiri. Ngati mawu akuti ngwazi sakuwakwana iwowa, ndiye kuti mawuwo tawawononga. Mwaonanso kuti iwowa ndawatchula ndi “iwo”. Adamwalira mu 2016, ambiri amene adacheza nawo alipo, ndipo khutu langa silidazolowere kuwatchula mwina.

Wachitatu ndi Mmalawi wokhala ku Cape Town, amene akuti adakangana ndi mnzake pa Facebook za chiganizo chakuti “Kamuzu adamanga msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo adatipatsa ufulu.” Iye akufuna kudziwa ngati chiganizochi chili ndi vuto la chiyankhulo kapena la ndale chabe.

Chigawo choyamba chili ndi yankho la chiyankhulo. Chichewa chili ndi msintho wochititsa, wa -its- kapena -ets-, umene umasiyanitsa wogwira ntchito ndi woigwiritsa. Mmisiri amamanga nyumba, mwininyumba amamangitsa. Telala amasoka, mkwatibwi amasoketsa. Kumudzi palibe amene amasokoneza ziwirizi, ndipo mutanena kuti agogo anu adamanga nyumba ya malata pamene adachita kulipira mmisiri, wina akukonzani pomwepo. Koma tikafika pa atsogoleri timausiya msinthowu, n'kumati adamanga misewu, adamanga zipatala, adamanga mzinda wa Lilongwe. Kuyankhula kotere n'kofala ndipo kumamveka, choncho sindinganene kuti n'kulakwa. Ndingoti “adamangitsa” ndi mawu olondola kwambiri, chifukwa amasiya malo a anthu amene adagwira fosholo, a mainjiniya amene adayeza malo, ndi a alimi amene msonkho wawo udalowa m'ntchitoyo kapena umabwezabe ngongole yake. Chimodzimodzi tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe, chimene boma la atsamunda lidagwetsa mu 1915: Chilembwe adachimangitsa, ndipo oumba njerwa adali akhristu ake.

Chigawo chachiwiri ndicho chimandivuta kwambiri. Mneni wakuti “kupatsa” amafuna mbali zitatu: wopatsa, wopatsidwa ndi chinthu chopatsidwacho, ndipo wopatsayo ayenera kukhala mwini wa chinthucho. Tikati munthu adatipatsa ufulu, tikuvomereza kuti ufuluwo unali m'thumba mwake, ife tinali chikhalire titatambasula manja. Koma “ufulu” ndi khalidwe la “mfulu”, munthu amene si kapolo wa wina, ndipo mbiri imaonetsa kuti oumenyera adali ambiri. Chipani cha Nyasaland African Congress chidakhazikitsidwa mu 1944, ndi anthu monga Levi Mumba ndi James Frederick Sangala (Sangalayu ndi amene ali pa K100), Banda akadali ku Britain. Mafumu monga Inkosi Gomani II adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 n'kuvutika nacho. Ndipo pa 14 Juni 1993, pamene dziko lidasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, adachita zimenezo ndi anthu amene adaima pamizere kuyambira m'mamawa. Nzika imene idaphunzitsidwa kuti ufulu ndi mphatso imayembekezera wopatsa wina, ndipo zinthu zikavuta imafunsa kuti “Kodi atipulumutse ndani?” Ndikadakonda kuti mnzanuyo alembe kuti Kamuzu adatsogolera nkhondo yomenyera ufulu, chifukwa “kutsogolera” kumafuna kuti pakhale otsatira amene akuyenda ndi miyendo yawo.

Funso lachinayi ndi lalifupi. Wophunzira wa kusekondale ya ku Dedza akufunsa ngati kuchuluka kwa “munthu wamba” ndi “anthu amba”, komanso ngati si mwano kunena kuti Chilembwe adali munthu wamba.

Mawu akuti “wamba” sasintha: munthu wamba, anthu wamba, chinthu wamba, zinthu wamba. Wa- wa kumayambiriro si mgwirizanitsi monga wa mu “wabwino”, choncho palibe chomuchotsera. Pa za mwano, “wamba” amangotanthauza wopanda udindo kapena chizindikiro chapadera, ndipo ndi wosiyana kutalitali ndi “wachabechabe”, amene ndi mawu onyoza. Komabe samalani ndi nthawi ya mneni. Chilembwe wa mu 1914, mbusa wophunzira ku America wokhala ndi sukulu zingapo, sadali munthu wamba pakati pa anzake. Koma adabadwa ngati munthu wamba ndipo adayamba ngati munthu wamba, ndipo zimenezi n'zimene muyenera kulemba.

Funso lomaliza lachokera kwa abusa a m'boma la Nkhata Bay amene akukonza ulaliki wa pa 3 Malichi: “Mwa mawu awa, adafa, adamwalira, adatisiya, adatsikira kulichete, adaphedwa ndi adafera, oyenera ndi ati pa anthu amene timawakumbukira tsikuli? Sindikufuna kuyankhula mwankhanza pamaso pa adzukulu awo.”

Abusa, mwambo wathu umapewa “kufa” ponena za munthu amene timamulemekeza, ndipo pamaliro timati wamwalira, watisiya, kapena watsikira kulichete monga amakondera olemba nyuzi. Mawu onsewa ali ndi khalidwe limodzi: mwininkhani ndi womwalirayo, ndipo palibe malo a munthu wina wochita kanthu. N'chifukwa chake amayenera pa imfa ya matenda kapena ya ukalamba, koma pa imfa ya chipolopolo amabisa chinthu chachikulu. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pangozi, anthu a ku Nkhata Bay adasonkhana padoko chifukwa atsogoleri awo omangidwa adali ataikidwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali adawawombera. Anthu amenewo sadatisiye, adaphedwa. Msintho wochitidwa wa -edw- umaulula kuti panali wopha, ngakhale simudamutchule dzina. Dziko lino lidaona kale zimene mawu ofewa angabise: mu Meyi 1983 anthu adauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adamwalira pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo padapita zaka zoposa khumi bungwe lofufuza lisadanene poyera kuti adachita kuphedwa.

“Kufera” ndi mneni wofunika kumusamala, chifukwa msintho womuchitira wa -er- uli ndi ntchito ziwiri. Ukatsatidwa ndi dzina la malo lokhala ndi ku, pa kapena mu, umanena kumene chinthu chidachitikira: adafera ku Nkhata Bay. Ukatsatidwa ndi dzina lopanda mperekezi, umanena chifukwa kapena wopindula: adafera dziko. Mawu akuti “ofera dziko” ndi abwino ndipo ndi okhazikika, koma akamangobwerezedwa okha amachititsa omvera kuganiza kuti anthuwo adadzuka m'mawa atakonzeka kufa, ngati kuti anali a mtundu wina. Ndikukumbukira 3 Malichi wa ubwana wanga: wailesi ya pawindo ikulira nyimbo zachisoni tsiku lonse, amayi atabisa khasu kuseri kwa nkhokwe, ife ana titaletsedwa ngakhale kusewera mpira wachikulunga pabwalo. Tinkadziwa kuti kuseka n'koopsa tsiku limenelo, koma panalibe mmodzi mwa ife amene akadatchula dzina la munthu mmodzi woferayo, kapena kunena ngati adali msodzi, mlimi kapena mphunzitsi.

Inu muli ndi mwayi umene ife tinalibe, chifukwa adzukulu awo akhala pamabenchi patsogolo panu. Afunseni mayina ulaliki usadafike, ndi ntchito imene aliyense ankagwira, ndi mudzi umene adachokera m'mawa umenewo. Potchula aliyense gwiritsani ntchito “a” ndi “iwo”, popeza muli pamaso pa eni ake. Nenani kuti adapita kudoko, kuti adawomberedwa, kuti adafera pomwepo. Ndipo mawu akuti “ofera dziko” muwasunge mpaka mutamaliza kuwerenga mayinawo.